Kabedi konyamulika ka khanda: kasankhidwe ndi kagwiritsidwe ntchito kake

Kabedi konyamulika ka khanda ndi kabedi kakang'ono ndi kopepuka kamene kamaikidwa pambali penipeni pa bedi la mayi, kuti mwana azigona pafupi ndi mayi ake koma pamalo akeake. Timabedi tambiri totere timapindika n'kulowa m'chikwama, ndipo tina timamangiriridwa ku bedi la akuluakulu ndi malamba. Timapezeka m'masitolo a zinthu za ana m'mizinda ikuluikulu ya kum'mwera ndi pakati pa Africa, m'misika ya kaunjika, komanso m'katundu amene achibale okhala kunja amatumiza kwawo mwana akabadwa.

Chitetezo cha kabedi sichidalira mtengo wake kapena dzina la kampani imene inakapanga. Chimadalira zinthu zinayi: pogona pakhale pathyathyathya, pakhale polimba, pasakhale mpata umene mutu kapena thupi la mwana lingaloweremo, ndiponso musakhale china chilichonse kupatula mwanayo ndi zovala zake. Kabedi kodula kamene kalephera chimodzi mwa zinayi zimenezi sikaposa dengu wamba limene lazikwaniritsa zonse.

Mitundu yake

Pali mitundu inayi yodziwika. Woyamba ndi kabedi koima pakokha, ka mbali zinayi zosatsika, kamene kamangoyandikizidwa ku bedi. Wachiwiri ndi kabedi komangirira: mbali yake imodzi imatsika, miyendo yake imatalikitsidwa kapena kufupikitsidwa kuti ifanane ndi msinkhu wa bedi, ndipo kali ndi malamba okagwirizitsa ku bedilo. Wachitatu ndi dengu lokhala ndi zogwirira ndi kamatiresi, limene ku Britain amalitchula ndi dzina la Mose wa m'Baibulo. Wachinayi ndi kabedi ka paulendo, kokulirapo, ka mbali za nsalu yonga ukonde, kamene mwana angagonemo kufikira atapitirira chaka.

Palinso zinthu zina zimene zimagulitsidwa pamodzi ndi timabedi koma si malo ogonekapo khanda usiku. Zimenezi ndi monga mipando yogwedera, mpando wa mwana wa m'galimoto, pilo woyamwitsira, ndi timatiresi tofewa tokhala ndi mtsamiro wozungulira m'mbali ngati chisa cha mbalame.

Chifukwa chake malo ogona ndi nkhani yaikulu

Pamsonkhano wa madokotala umene unachitikira ku Seattle m'dziko la America mu 1969, akatswiri anapereka dzina ku imfa ya khanda looneka lathanzi limene lapezeka litamwalira kutulo popanda chifukwa chodziwika, ngakhale thupi litapimidwa. Mwachidule imfa imeneyi imatchedwa SIDS. Imachitika kwambiri pamene mwana ali ndi miyezi iwiri mpaka inayi, ndipo pafupifupi imfa 9 mwa 10 zilizonse zimachitika mwana asanakwanitse miyezi 6. Pambali pa imfa imeneyi palinso ya kubanika ndi zofunda, kupanikizika pampata, kapena kugoneredwa ndi munthu wamkulu. Bungwe la madokotala a ana la American Academy of Pediatrics linanena mu 2022 kuti makanda pafupifupi 3,500 amamwalira chaka chilichonse ku America pa zifukwa zokhudza kagonedwe.

Mu 1994 akatswiri awiri, James Filiano ndi Hannah Kinney, anafotokoza kuti imfa yadzidzidziyi imabwera zinthu zitatu zikakumana: mwana wobadwa ndi kufooka kobisika pa kayendetsedwe ka kupuma ndi kudzidzimuka kutulo, msinkhu wa miyezi yoyambirira, ndi chopinga cha kunja monga kugona chafufumimba, nkhope yophimbika kapena utsi wa fodya. Kholo silingaone kufooka kobisikako, ndipo silingasinthe msinkhu wa mwana. Chimene lingachotse ndi chachitatucho.

Umboni wakuti kuchotsa chopinga kumapulumutsa miyoyo ndi wamphamvu. Dziko la Netherlands linayamba kulangiza makolo kuti asamagoneke makanda chafufumimba mu 1987. New Zealand ndi Britain anatsatira mu 1991, ndipo ku Britain uthengawu unafalikira mothandizidwa ndi muulutsi wa pa wailesi ya kanema Anne Diamond, amene mwana wake anamwalira mwa njira imeneyi chaka chomwecho. America inayamba kampeni yake mu 1994. M'mayiko onsewa imfa zotere zinatsika ndi theka kapena kupitirira apo m'zaka zochepa.

M'chigawo chino mabanja ambiri amagona ndi makanda awo pabedi kapena pamphasa imodzi. Kafukufuku amene akatswiri a ku Boston University ndi anzawo a ku Zambia anachita pakati pa amayi mumzinda wa Lusaka, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2022, anapeza kuti amayi pafupifupi 9 mwa 10 alionse ankagona pamodzi ndi makanda awo. Ambiri ankawagoneka cham'mbali, ndipo amene ankawagoneka chagada sankafika mmodzi mwa 10 alionse. Zifukwa zogonera pamodzi n'zomveka: kuyamwitsa usiku, kufunditsa mwana, kuchepa kwa malo ndi neti ya udzudzu, ndi mtima wa mayi wosafuna kuti khanda likhale patali. Kabedi ka pambali kamayankha zambiri mwa zifukwa zimenezi. Malinga ndi bungwe la madokotala a ana la ku America lija, kugona chipinda chimodzi ndi khanda koma pogona posiyana kumachepetsa chiopsezo cha imfa yadzidzidzi mpaka ndi theka, ndipo limalangiza kutero kwa miyezi 6 yoyambirira.

Pathyathyathya ndi polimba

Mutu wa khanda ndi wolemera poyerekeza ndi thupi lake, ndipo khosi lake lilibe mphamvu. Likagona pamalo otsetsereka, mutu umagwera kutsogolo, chibwano chimatsamira pachifuwa, ndipo njira ya mpweya imapindika. Malo otsetsereka amachititsanso kuti mwana atembenuke msanga n'kulephera kubwerera.

Phunziro limeneli linabwera ndi imfa zambiri. Mu Epulo 2019 kampani ya Fisher-Price inachotsa pamsika timipando togonekamo ana totchedwa Rock 'n Play pafupifupi 4.7 miliyoni, makanda opitirira 30 atamwaliramo. Pofika mu Januwale 2023 imfa zokhudzana ndi kampandoka zinali pafupifupi 100. Mu Meyi 2022 boma la America linakhazikitsa lamulo loletsa kupanga ndi kugulitsa zogonekamo makanda zopendekeka kupitirira madigiri 10, pamodzi ndi mitsamiro yotchinga m'mbali mwa kabedi. Katundu wochotsedwa pamsika m'dziko lina angathe kufika m'dziko lina kudzera m'kaunjika, choncho wogula ayenera kudziwa maonekedwe a choopsa, osati dzina lake lokha.

Timabedi tina tomangirira timalola kukweza mbali ya kumutu, ndipo ogulitsa amati kutero kumathandiza mwana wobweza mkaka. Madokotala a ana savomereza zimenezi. Miyendo yonse ya kabedi iyenera kukhala pa msinkhu umodzi.

Matiresi oyenera ndi amene salowa mwana akagonapo. Munthu akawadinikiza ndi chikhatho n'kuchotsa dzanja, abwerere pomwepo osasiya chibowo. Matiresi a timabedi totere amakhala opyapyala mwadala, ndipo makolo ambiri amawaona ngati ouma, n'kuyalapo bulangete lopindapinda, pilo kapena siponji yowonjezera. Kutero kumafewetsa pogona ndiponso kumafupikitsa mbali za kabedi. Pamatiresi pangoyalidwa nsalu imodzi yokoka bwino, yolowetsedwa pansi mwamphamvu.

Mipata ndi mbali

Matiresi akwane ndendende m'kabedi. Muyezo wosavuta ndi wa zala: ngati zala zopitirira ziwiri zikulowa pakati pa matiresi ndi mbali ya kabedi, ndiye kuti matiresiwo ndi aang'ono. Pa kabedi ka timitengo toimirira, lamulo la ku America limati mpata wa pakati pa timitengoto usapitirire masentimita 6, chifukwa thupi la khanda lingathe kudutsa pampata waukulu mutu n'kukodwa. Mbali za nsalu yonga ukonde zikhale zokoka, zosang'ambika ndi zosalendewera.

Pa kabedi komangirira, malo oopsa kwambiri ndi pamene kakumana ndi bedi. Mu Epulo 2015, khanda la milungu 7 linamwalira ku West Sussex m'dziko la England litakodwa khosi pamwamba pa mbali ya kabedi imene inali yopindidwa theka. Kabediko sikanali katsopano. Imfa imeneyi inadzutsa mkangano waukulu pa kapangidwe ka timabedi totere, ndipo muyezo wa ku Ulaya wotchedwa EN 1130 utakonzedwanso mu 2019 unalamula kuti mbali yotsikayo izisiyabe chotchinga cha masentimita 12. Ku America timabedi tomangirira tili ndi lamulo lakelake kuyambira mu 2014, logwirizana ndi muyezo wa ASTM F2906, pamene timabedi toima patokha timatsata ASTM F2194. Timabedi ta paulendo ku Ulaya timatsata EN 716.

Manambala amenewa amalembedwa pa kansalu kosokerera ku kabedi kapena pa katoni yake, pamodzi ndi dzina la wopanga, tsiku lopangira ndi kulemera kwa mwana kumene kabediko kangapirire. Kabedi kopanda chizindikiro chilichonse ndiponso kopanda kabuku ka malangizo kayenera kuyesedwa ndi maso ndi manja mosamala kwambiri.

Ka pakaunjika ndi kopangitsa kwa mmisiri

Mabanja ambiri amalandira kabedi kamene kanalererapo kale ana ena. Zimenezi sizolakwika, bola zigawo zake zonse zikhalepo. Safunsa anadya phula: wogula afunse za malamba omangirira, kabuku ka malangizo ndi zaka za kabediko, ndipo akaimike pomwepo asanapereke ndalama. Kabedi komangirira kamene malamba ake anasowa kagwiritsidwe ntchito ngati koima pakokha, mbali zonse zili zokwezedwa ndi zokhoma. Chigawo chothyoka chisamangidwe ndi waya, chingwe kapena mphira. Matiresi olowa pakati, ong'ambika, onunkha chinyezi kapena okhala ndi nsikidzi asinthidwe ndi ena olimba a muyezo womwewo. Bedi la ana la mbali yotsetsereka m'mwamba ndi m'munsi, la mtundu wakale, linaletsedwa ku America mu Juni 2011 chifukwa mbaliyo ikamasuka imapanga mpata wopanikiza mwana.

Amisiri a matabwa ndi oluka madengu angathe kupanga kabedi kabwino akapatsidwa miyezo. Pansi pake pakhale thabwa lathyathyathya losapindika, miyendo ikhale yotambalala kuti kasagwe mwana wamkulu akakoka, ndipo pasakhale msomali wotuluka, kachitsotso kolasa kapena mitu yotalika m'makona imene chovala chingakodwemo. Ndi bwino kuti kabedi kopangitsa kakhale ka mbali zinayi zosatsika, popeza mbali yotsika ndi imene imavuta kuipanga mosalakwitsa. Penti yakale yosupuka ichotsedwe kutali ndi mwana ndi mayi woyembekezera, chifukwa penti ina ya mafuta imakhala ndi mtovu umene umawononga ubongo wa ana.

Kuimika ndi kumangirira

Kabedi kaimikidwe pansi posalala, ndipo zokhomera zonse zilowe mpaka zitagwira. Ngati kali ndi mateyala, akhomedwe. Ngati kamagwedera, kakhomedwe kuti kasagwedere mwana akagona ndipo palibe womuyang'anira.

Pa kabedi komangirira, msinkhu ukonzedwe motsata kabuku ka wopanga, ndipo m'mphepete mwa mbali yotsika musapitirire pamwamba pa matiresi a bedi lalikulu. Malamba azungulire thabwa kapena chitsulo cha bedi, kapena adutse pansi pa matiresi kufika mbali inayo, n'kukokedwa mpaka kabedi katakanirira. Mpata ukatsala usatsekedwe ndi pilo, thaulo kapena chitenje. Ngati mpatawo sukutha, ndiye kuti kabediko sikagwirizana ndi bedilo, ndipo mbali yake ikwezedwe. Malamba amamasuka pang'onopang'ono anthu akamakwera ndi kutsika pabedi, choncho ayesedwe madzulo alionse pokankha kabediko ndi dzanja. Bedi lopindika, la mateyala, kapena matiresi opopa mpweya sizoyenera kumangirirako kabedi.

Mbali yotsika ikwezedwe nthawi iliyonse pamene wamkulu sali pabedi. Zofunda ndi mapilo a akuluakulu zisalendewere m'kabedi. Kabedi kakhale kutali ndi zingwe za makatani, nthambo za magetsi ndi zotchajira foni, komanso kutali ndi shelefu imene chinthu chingagwe kuchokerapo.

Kagonekedwe ka mwana

Khanda ligonekedwe chagada nthawi zonse, usiku ndi masana omwe. Kugoneka cham'mbali sikotetezeka, chifukwa mwana amagubuduka mosavuta n'kukhala chafufumimba. Amayi ndi agogo ambiri amaopa kuti mwana wogona chagada atsamwa akasanza. Koma kapangidwe ka thupi kamasonyeza zosiyana: munthu akagona chagada, njira ya mpweya imakhala pamwamba pa njira ya chakudya, motero mkaka wobwerera umatsikira m'njira ya chakudya n'kumezedwanso. Akagona chafufumimba, mkakawo umasonkhana pakhomo pa njira ya mpweya. M'mayiko amene anasintha kagonekedwe, imfa za kutsamwa sizinachuluke.

M'kabedi musakhale pilo, zidole, mitsamiro ya m'mbali, botolo la mkaka lotsamiritsa, kapena nsalu zokulungiza zoti mwana asatembenuke. Mikanda, zingwe za m'khosi ndi kansalu kotchinga dovu zivulidwe mwana asanagone. Ku America madokotala amalangiza chovala chogonera chonga thumba, chokhala ndi potulukira mutu ndi manja, m'malo mwa bulangete. Ku Britain amalolanso kabulangete kopepuka, pokhapokha mapazi a mwana akhale kumapeto kwenikweni kwa kabedi, ndipo bulangetelo lilowetsedwe pansi pa matiresi osapitirira mapewa, kuti mwana asaseserekere pansi pake. Mwana wokulungidwa m'nsalu agone chagada basi, ndipo kukulungako kulekeke akangoyamba kuyesa kutembenuka.

Kugona chafufumimba kuli ndi nthawi yake: masana, mwana ali maso, wamkulu akumuyang'ana. Kumalimbitsa khosi ndi mapewa.

Kutentha, kuzizira, udzudzu ndi utsi

Kufunditsa mwana mopitirira muyezo kumawonjezera chiopsezo. Poopa chibayo, mabanja ambiri amaveka khanda juzi, chipewa ndi mabulangete angapo ngakhale m'nyengo yotentha. Bungwe la Lullaby Trust ku Britain limalangiza kuti chipinda chikhale pa madigiri 16 mpaka 20, muyezo umene sungatheke ku chigwa cha Shire, ku Tete kapena ku Luangwa m'mwezi wa Okutobala. Kumeneko chofunika ndi kuchepetsa zovala, ngakhale kutsala thewera ndi kamalaya kamodzi. M'miyezi ya Juni ndi Julaye ku Dedza, ku Harare kapena ku Johannesburg, chovala chimodzi chowonjezera pa zimene wamkulu wavala chimakwanira. Poyesa, kholo ligwire pachifuwa kapena kumbuyo kwa khosi la mwana, osati manja ndi mapazi amene amazizira mwachibadwa. Thukuta ndi khungu lotentha zimasonyeza kuti chovala chimodzi chichotsedwe. Mwana wobadwa masiku atakwana asagone ndi chipewa m'nyumba, popeza thupi limatulutsira kutentha kumutu.

M'madera a malungo khanda liyenera kugona mu neti yonyikidwa m'mankhwala. Malinga ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, ana osakwana zaka 5 ndi amene amamwalira kwambiri ndi malungo mu Africa, pafupifupi atatu mwa anthu anayi alionse ofa ndi matendawa. Apa kabedi komangirira kamabweretsa vuto limene opanga ake a ku Ulaya sanaliganizire: neti ya bedi lalikulu singalowetsedwenso pansi pa matiresi kumbali imene kuli kabedi. Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi neti yaikulu yophimba bedi ndi kabedi pamodzi, yofika pansi ndi yotsekedwa mbali zonse. Yachiwiri ndi kukweza mbali ya kabedi n'kukapatsa neti yakeyake. Pa njira zonse ziwiri netiyo ikhale yokoka, yokwera pamwamba pa nkhope ya mwana, yopanda mbali yolendewera imene angaikoke.

Mbaula ya makala isalowe m'chipinda chogona, chifukwa imatulutsa mpweya wakupha wopanda fungo. Kandulo, koloboyi ndi mankhwala ofukiza a udzudzu zikhale kutali ndi neti ndi kabedi.

Kuyamwitsa usiku ndi nthawi zoopsa kwambiri

Bungwe la WHO limalangiza kuyamwitsa mwakathithi kwa miyezi 6, ndipo kuyamwitsa kumachepetsa chiopsezo cha imfa yadzidzidzi. Kafukufuku wa Helen Ball ndi anzake a ku Durham University, wofalitsidwa mu 2006, anapeza kuti m'chipinda cha amayi ongobereka kumene, makanda ogona m'kabedi komangirira ankayamwa kawirikawiri kuposa ogona m'kabedi kotalikirana ndi mayi. Kafukufuku wawo wina wamkulupo, wa mu 2011, sanapeze kuti kabedi ka kuchipatalako kamatalikitsa miyezi yoyamwitsa. Phindu lake lodziwika ndi lakuti mayi amamva mwana msanga ndipo amamufikira osadzuka.

Mayi wotopa amagona tulo akuyamwitsa, ndipo nzeru ndi kukonzekeratu. Malo oipitsitsa ogonerapo ndi khanda ndi pasofa kapena pampando wa khushoni, pamene chiopsezo chimakwera kuwirikiza ka 22 mpaka ka 67 malinga ndi bungwe la madokotala a ana la ku America. Ndi bwino kuyamwitsira pabedi lochotsedwa mapilo ndi zofunda zolemera pafupi ndi mwana, ndipo mayi akadzidzimuka amubwezere m'kabedi.

Pali mausiku ndi mabanja amene kabedi sikayenera kusiyidwa konse: pamene wina wa pabedipo amasuta fodya kapena mayi ankasuta ali woyembekezera, pamene wamwa mowa, wasuta chamba kapena wamwa mankhwala ogonetsa, ndiponso pamene mwana anabadwa milungu 37 isanakwane kapena wosafika makilogalamu 2.5. Kafukufuku wotchedwa Safe Passage, amene anatsata mimba pafupifupi 12,000 ku Cape Town ndi m'zigawo za South Dakota ndi North Dakota ku America, ndipo anafalitsidwa mu 2020, anapeza kuti ana a amayi amene anapitiriza kumwa mowa ndi kusuta fodya miyezi itatu yoyamba ya mimba itadutsa anali pa chiopsezo chowirikiza ka 12. Khanda lisagonenso pakati pa ana anzake.

Ana obadwa masiku asanakwane ali ndi malangizo ena apadera. Mu Novembala 2022 bungwe la WHO linalangiza kuti ana otere aikidwe pachifuwa cha mayi, khungu ndi khungu, atangobadwa, potsatira kafukufuku amene chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chinali chimodzi mwa zipatala zisanu zimene zinatenga nawo mbali. Njira ya kangaroo imeneyi itsatidwe monga anamwino aphunzitsira. Koma nthawi iliyonse imene mwanayo waikidwa m'kabedi kunyumba, agone chagada monga mwana wina aliyense.

Paulendo

Kusintha malo ogona, monga kumudzi, kumaliro kapena kwa achibale, ndi pamene chizolowezi chabwino chimasokonekera. Apa ndi pamene kabedi konyamulika kamathandiza. Kaimikidwe kathunthu, zokhomera zonse zitagwira, ndipo kagwiritsidwe ntchito ndi matiresi ake omwe. Dengu liikidwe pansi pouma kapena pa miyendo yake, osati patebulo, pampando kapena pabedi. Kabedi kasanyamulidwe mwana ali momwemo, pokhapokha ngati wopanga analoleza. Mwana amene wagona mumpando wa m'galimoto asamutsidwire pamalo athyathyathya ulendo ukatha. Wogona kumbuyo m'chitenje akhale ndi mphuno ndi kamwa poyera, chibwano chisanatsamire pachifuwa.

Kumene kulibe bedi kapena ndalama

Banja logona pamphasa kapena pamatiresi a pansi silifunika kabedi ka miyendo. Chofunika ndi malo a mwana okhala ndi malire. Ku New Zealand, dokotala wa mtundu wa Māori, David Tipene-Leach, pamodzi ndi akatswiri oluka, anayambitsa mu 2006 kadengu kogonekamo khanda kotchedwa wahakura, kolukidwa ndi masamba a chomera cha kumeneko. Kanapangidwira mabanja amene amagona ndi makanda mwa chikhalidwe chawo. Chivomezi chitagwedeza mzinda wa Christchurch mu 2011, mabanja anagawiridwanso kabokosi ka pulasitiki ka ntchito yomweyo kotchedwa Pēpi-Pod. Pakati pa 2009 ndi 2015, pamene njirazi zinkafalitsidwa pamodzi ndi maphunziro a kagonekedwe, imfa za makanda opitirira mlungu umodzi zinatsika ndi 29 pa 100 alionse. Komabe madokotala a ku America amati umboni sunakwane wovomerezera kuika kadengu kotere pabedi la akuluakulu.

Dziko la Finland lakhala likupereka katundu wa mwana kwa amayi kuyambira mu 1938, ndipo kuyambira mu 1949 kwa mayi aliyense amene wayamba sikelo ya amayi oyembekezera panthawi yake. Katoni yonyamuliramo katunduyo imakhala ndi kamatiresi ndipo ingakhale pogona. Scotland inayamba zofanana mu 2017. Akatswiri amachenjeza kuti palibe umboni wakuti katoni payokha imachepetsa imfa. M'nyumba za chinyezi, chiswe kapena makoswe katoni imafooka msanga, ndipo siyenera kuvindikiridwa kapena kuyandikira moto.

Dengu lotambalala la nsungwi kapena mlaza, la pansi pathyathyathya ndi mbali zoimirira, loyalidwa kamatiresi kolimba kokwana ndendende, limayesedwa ndi miyezo inayi yomwe ija.

Nthawi yosiya kabedi

Timabedi ta pambali ndi madengu ndi ta miyezi yoyambirira yokha. Opanga ambiri amaika malire pa makilogalamu 9 kapena pa miyezi 5 mpaka 6, koma chizindikiro chenicheni ndi mwana mwini. Akayamba kutembenuka, kudzikweza ndi manja ndi mawondo, kapena kukhala tsonga, mbali zazifupi sizingamuteteze, ngakhale kulemera kwake kusanafike pamalire. Asamukire m'bedi la ana la mbali zazitali kapena m'kabedi ka paulendo, m'chipinda chomwecho cha makolo. Apitirize kugonekedwa chagada kufikira atakwanitsa chaka, koma akatha kutembenukira mbali zonse ziwiri payekha, sipafunika kumubweza usiku wonse.

Malangizo onsewa amagwira ntchito pokhapokha aliyense wosamalira mwanayo akuwadziwa: bambo, agogo, azakhali, mlezi ndi ana okulirapo. Mwana wozolowera kugona chagada amakhala pa chiopsezo chachikulu tsiku limene munthu wina wamugoneka chafufumimba. Mafunso okhudza mwana wodwala, wobadwa wochepa thupi kapena wobweza mkaka kwambiri apite kwa anamwino kusikelo ya ana, makolo asanasinthe chilichonse pa kagonekedwe kake.